Mtsempha Umodzi M'khosi Mwanga

Ba Pasita, madikoni, abale ndi alongo, moni m'dzina la Yesu. Ndikufuna kuchitira umboni, ndipo ndikalira mundipirire.

Mukundidziwa, ndine Tisaine wa ku Nangongwe, uja munkamutola pansi apa Sondo iliyonse. Bambo a kunyumba atawachotsa ntchito ku fakitale, ndinayamba kugulitsa nthochi pa siteshoni. Beseni pamutu, sitima ikaima ndikweze nkhope kuyang'ana m'mawindo. Ndikangopinda khosi, mdima. Podzuka, nthochi zili mbwee, anthu akupondaponda, kunyumba ana akudikira nshima.

Ndinathamangira kuno. Munati ndi chiwanda, inenso ndinavomera. Mukandigwira pachipumi n'kukankhira mutu kumbuyo, ndinkagwa, inu n'kuomba m'manja kuti chatuluka. Abale, sichinkatuluka. Ndinkadzuka mkono uno wachita dzanzi, lilime lolemera. Mwana wanga wamkazi, anzake anasiya kusewera naye, ati amake ali ndi ziwanda. Ndinafika pouza Mulungu kuti ngati wanditaya, angonditenga. Ndinatero ine, ndi pakamwa pangapa.

Tsiku lina pakamwa panapotoka, bambo n'kunditengera ku chipatala chachikulu ku Lusaka. Anandibaya mankhwala, n'kujambula mitsempha ya m'khosi. Dokotala anandionetsa chithunzi. Akuti munthu amakhala ndi mitsempha iwiri ikuluikulu kutsogolo kwa khosi, yopititsa magazi ku ubongo. Ine wakumanzere kulibe. Sunaduke, sunatsekeke, ndinabadwa choncho. Magazi amazungulira m'timitsempha ta kumbuyo, ndipo ndikapinda khosi timafinyika.

Ndinapempha opaleshoni. Anati, "Mayo, palibe chosoka apa. Lekani kusenza, ndipo munthu asakupindeni khosi. Mukagwanso, mwina simudzadzuka."

Ba Pasita, sindikuimba mlandu munthu, munandipempherera ndi chikondi. Sindinachire, abale, mtsempha sunamere. Beseni ndinalisiya, manje ndimakhala pansi ku msika ndi tomato, masiku ena timagona ndi njala. Ndimaopa. Ndikayang'ana ana anga ndimaopa maningi. Koma kuyambira m'mimba mwa amayi, Mulungu wandiyendetsa ndi mtsempha umodzi, ndipo ndilibe chiwanda. Amayi inu kumbuyoko, mwamva? Ana anu abwere azisewera ndi wanga.

Zikomo Yesu. Kondwerani nane, imbani nane. Ndipo amene mubwere kudzandipempherera, manja anga ndi awa. Gwirani manja, mutu muusiye.