Wotchi Yoyezera Makutu

Pa Chadiza anthu ankadikira lole ya ku Fort Jameson. Bambo wina anayamba kucheza ndi mayi amene anakhala naye pafupi.

"Mwati mukupita kuchipatala, mayi? Mukudwala?"

"Ine ndili bwino. Adokotala awakaniza amuna anga ntchito ya kumigodi, akuti ndi ogontha. Chonsecho khoswe akamakukuta mtedza m'nkhokwe, amayamba kumva ndi iwo."

"Anawayeza ndi wotchi ija amayika pakhutu?"

"Yomweyo. Iwo anayankha kuti sakumva kanthu."

"Wotchi ija inafa kalekale. Inenso atandiyeza sindinamve kanthu, ndinangoti ndamva, ntchito n'kuipeza. Onse amatero."

"Amuna anga a Ezara ndi mkulu wa mpingo ku Zemba. Bodza sanena."

"Ndiye bwererani mukawaphunzitse. Dokotala simungamutsutse."

"Sindikukatsutsa munthu. Ndikangowapempha ayike wotchiyo pakhutu langa, kenako pakhutu lawo adokotalawo."

"Akakuthamangitsani?"

"Ndikakhala pakhonde, mbatata ndatenga zokwanira. Aliyense wotuluka ndizikamufunsa ngati waimvadi."

"Nanga adokotalawo akati aimva?"

Mayiyo anamangitsa chitenje, lole itatulukira.

"Pamenepo ndikadziwa kuti nawonso akufuna ntchito kumigodi."