Ankati Ndakhwimira Mwana Wanga

Moni abale ndi alongo mwa Ambuye. Ine ndine bambo a Esinati wa kuno kwa Mwambo, ndipo ndikufuna ndikuuzeni za chaka chimene ndinatsala pang'ono kupirikitsidwa pamudzi, kusiya mwana wanga m'mbuyo, chifukwa mwanayo ankakanika kuwerenga.

Anali masiku a Chitaganya. Makolo anga anachokera kum'mawa, kutsidya kwa nyanja ya Chilwa, ine ndinabwera kuno kudzakwatira. Mukudziwa nokha kuti mkamwini sakula mwendo: munda ndi wa eni, ana ndi a eni. Ndinkalima mpunga kudambo, ndipo Mulungu anandikomera mtima, nkhokwe inadzaza zaka zotsatizana. Pa nthawi yomweyo Esinati anabwereza Sabu A, kalasi yoyambirira. Pakhomo anali mwana wochangamuka, nyimbo akaimva kamodzi waigwira, koma pasileti ankabwera ndi zokandakanda ngati papalasa nkhuku.

Anthu anaphatikiza ziwirizo. Manong'onong'o anayambira kuchitsime, akuti mlendo uja watenga nzeru za mwana n'kuziika m'nkhokwe. Ndikamadutsa, amayi ankaitana ana awo kuti alowe m'nyumba. Chimene chinandilasa mtima n'chakuti ngakhale mkazi wanga anasintha. Anayamba kufwanthula thumba langa ndikachoka, ndipo analetsa mwana kudya m'mbale yanga.

Ine sukulu sindinaione pakhomo, kotero kumuphunzitsa ndekha sindikanatha. Ndinaganiza zoti ndizimuyendetsa, kapena maso akaona zambiri mutu ungatseguke. Loweruka ndinkamukweza panjinga mpaka ku Songani, n'kumamuonetsa zilembo za pamwamba pa masitolo. Tinafika ngakhale ku Zomba. Ndikati, "Taona icho, chonga ndowa yovundikira," iye ankavomera, "Eya, ababa." Tinkabwerera ine nditakondwa, koma Lolemba pasileti zinali zomwezija. Maulendowo anangowonjezera moto, pakuti anthu anati ndikumapita naye kwa sing'anga kukawonjezera mankhwala.

Tsiku lina anandiitana a Disoni, mlongo wa mkazi wanga, atsibweni ake a mwanayo. Iwo anali atabwera kumene ku Joni ndipo kuwerenga ankakudziwa. Sanazungulire. Anati tikangokolola akhala pansi ndi abale, ndipo ngati mwanayo adzakhale akadali chimodzimodzi, ine ndidzanyamuka ndekha. Abale, ndinalira ine munthu wamkulu. Ndinagwada pamzere pakati pa mpunga womwe unandidanitsa ndi anthuwo, ndinati, Ambuye, ngati mpungawu ndiwo mlandu, tumizani mbalame ziudye wonse, koma mundisiyire mwana.

Mbalame sizinabwere. Mpunga unacha bwino kuposa kale, ndipo ine ndinkauyang'ana ndi mantha.

Kutatsala pang'ono kukolola, ndinati tipite tonse ku Chisi, mwana akaone chilumba ndi kukwera bwato. Kunena zoona, ndinkangofuna kuti ndikadzachoka adzakumbukire ulendo umodzi wabwino ndi bambo ake. A Disoni atamva anati, "Ndipita nawo, alamu. Ndikamuone ndi maso anga sing'anga wanuyo."

M'bwato anakhala kumbuyo kwanga, maso ali pamanja panga. Ndikangopisa m'thumba kutenga chinangwa, iwo ankasuzumira. Titatuluka m'mabango, panali akakowa ambiri atatera pa udzu wa njedza, kuyera mbee. Mkazi wanga anati, "Esinati, taona akakowa!" Mwana anayankha msanga, "Eya, ndawaona," koma nkhope atalozetsa kwina, kumadzi opanda kanthu. Ine ndi amake sitinazindikire. Amene anaona ndi munthu amene anabwera kudzatiyang'anitsitsa uja.

"Iwe mwana, ali pati akakowawo? Taloza."

Analoza pamene panalibe mbalame.

"Nanga phiri la Chisi ukuliona?"

Mwana anatsinzinira maso. "Ndikuona ngati utsi, atsibweni. Musandimenye."

 Titakocheza, a Disoni sanafunsenso za sing'anga. Anathyola bango, nalemba chilembo chachikulu pamchenga. Mwana ali chapatali anati sakuona kanthu. Atamuyandikiza anagwada, nalondola chilembocho ndi chala, ndipo anachilembanso pambali pake chowongoka bwino. Analemba china, iye anatsatira. Tinaiwala zokwera phiri, tsiku lonse linathera pagombe pomwepo, ndipo pobwerera anali akudziwa zilembo za dzina lake.

Kusukulu aphunzitsi ankakhazika ana ataliatali kumbuyo, ndipo Esinati anatengera msinkhu wanga. Nthawi yonseyo bolodi sankaliona, ankangokopera mmene ukugwedezekera mkono wa mnzake. Sananene chifukwa ankayesa kuti anthu onse amaona choncho, ndiponso ankaopa chikoti. A Disoni anapita okha kukalankhula ndi aphunzitsi, mwana anamusunthira kutsogolo. Magalasi anadzapezeka patapita nthawi kudzera kwa a mishoni.

Musaganize kuti mlandu unangozimirira. Titakolola abale anakhaladi pansi, pakuti anali atapangana kale. Ine anandikhazika padera, pamphasa yangayanga. A Disoni anatulutsa buku la nyimbo, nalipereka kwa Esinati. Mwana analibweretsa pafupi mpaka mphuno kukhudza pepala, nayamba kuwerenga liwu limodzilimodzi, mochita kukoka. Mayi wina wachikulire, amene ankatsogolera manong'onong'o aja, anati, "Waloweza ameneyu, nyimbo imeneyi timaimba kutchalitchi."  A Disoni anapereka bukulo kwa mayiwo kuti atsegule okha pamene afuna. Anatsegula chakumapeto, panyimbo imene sitinaiimbepo. Esinati anakakamira pa liwu loyamba, kenako anapitirira mpaka kumaliza ndime yonse.

A Disoni anaimirira, navula chipewa pamaso pa anthu onse. "Alamu, takulakwirani. Mwanayu ndi wanu, ndipo pano ndi panu." Mkazi wanga anachoka pakati pa abale ake akulira, nadzakhala pamphasa panga.

Alipo ena amene mpaka lero amandiyang'ana cham'mbali, ndipo zimenezo ndinazisiya m'manja mwa Mwini. Koma ndikuthokoza Mulungu amene anatenga munthu wodzandigwira mlandu n'kumusandutsa mboni yanga. Ine ndinapempha mbalame kuti zidye mpunga, Iye anadziwa chimene ndinkasowa. Inu amene mukunenezedwa lero pa chinthu chimene simunachite, musathawe pamudzi ndipo musaleke kupemphera. Ndipo mwana wanu akamavomera "eya" pa chilichonse, khalani naye pansi mumufunse bwinobwino chimene akuona. Ambuye akusungeni nonse. Ameni.