Mipando Yakumbuyo ya Pikapu Yanga

Akuwailesi, ndine bambo wa ku Torwood, ndinapuma ntchito kufakitale ya zitsulo. Ndinkafuna pikapu yoti nthawi zina ndizikokera ngolo ya bungwe lathu la maliro. Ku Kwekwe ndinapeza ziwiri, ina ya zitseko ziwiri, ina ya zitseko zinayi.

Makaniko anati, "Madala, tengani ya zitseko ziwiriyi, injini yake ndi yamphamvu. Inayi izikalira pachitunda."

Sindinamvere, ndinagula ya zitseko zinayi. Ndinaganizira ana anga amene ali ku Joni, kuti akadzabwera pa Khirisimasi tidzakwere tonse.

Khirisimasi yadutsa katatu, iwo amangoimba foni. Pachitunda galimotoyi imaliradi. Mipando yakumbuyo ndimaipukuta Loweruka lililonse, koma imadzaza tsiku la maliro lokha, ndipo pochokera kumanda aliyense amatsikira pakhomo pake.