Buledi wa m'pilo ya bedi nambala folo

A Metroni Mpumi, madokotala athu, masisitala, anamwino anzanga, abambo Binali ndi ana onse, ndi inu Sisitala Agnes Mary Binali amene mwatisonkhanitsa mu holo muno, ndakupatsani moni nonse. A Metroni, Bheki akumasulirani m'Chizulu. Bheki, zondinyoza ine uzidumpha.

Ndiyamba ndi funso limene ndakhala nalo zaka zitatu. N'chifukwa chiyani namwino wa digiri aziyala bedi?

Musandiyang'ane choncho. Ku wodi ya Sisitala Binali lamulo ndi limenelo, ndipo nonse munangolivomera. Namwino aliyense, kaya ali ndi mapepala angati, m'mawa aziyala yekha mabedi a odwala ake. Osatuma munthu.

Ine ndinafika kuno ku Joni mu 2003, digiri ili m'chikwama, mutu uli wodzaza mapulani. Tsiku loyamba ndinawauza Sisitala kuti chipatala chathu chino cha ku Berea chatsalira zaka makumi awiri. Iwo anandimvetsera mpaka ndinamaliza. Kenako anandipatsira mashiti asanu ndi atatu m'manja, n'kunena kuti, "Zikomo a Digiri. Yambirani kuwindoko."

Dzina linakhala lomwelo. Mpaka lero odwala ena amaganiza kuti ndine wa kwa Digiri.

Bedi langa loyamba Sisitala analiyang'ana ngati amene akuona ngozi ya pamsewu. Anakoka shiti kamodzi, zonse zinagwa pansi. "A Digiri, khwinya limodzi pansi pa msana wa munthu wosatha kutembenuka, pakutha sabata ndi chilonda. Yalaninso." Ndinayala kanayi. Wodwala mwini bedi anali atakhala pampando akuwerenga mokweza.

Ndiye pali kawotchi kaja ka pachifuwa pa Sisitala. Tinagula makina atsopano oyezera kugunda kwa mtima. Makina akanena, Sisitala amagwirabe dzanja la wodwala, maso pa kawotchi, kenako n'kutembenukira makinawo: "Lero wanena zoona." Abambo Binali, ndamva kuti ngakhale kunyumba mukati mutu ukupweteka, amayamba akugwirani dzanja. Mukugwedeza mutu. Zikomo, umboni wakwana.

Tsopano ndiulule tchimo langa, poti a Metroni akulidziwa kale. Mwezi watha ndinalemba kalata ya masamba asanu ndi limodzi, ya zinthu zoti zisinthe Sisitala akapuma pantchito. Tsamba lachitatu likuti lamulo la mabedi lithe, ntchitoyo ipite kwa othandiza. Komiti ikambirana Lolemba.

Ndikulemba kalatayo ndinadzichititsa kuiwala nkhani ina. Koma sabata yathayi, titayamba kukonza mwambo uno, yakhala ikundibwerera.

Chinali chaka changa choyamba, mwezi wa Novembala. Pabedi nambala folo panagona abambo Mbaraka, mkulu wa ku Mangochi amene anagwira m'migodi mpaka mawondo anatha. Anali ndi matenda a shuga. M'mawa uliwonse ndinkawabaya insulini, ndipo insulini ikalowa munthu ayenera kudya, apo ayi shuga amatsika mpaka kukomoka.

Tsiku limenelo ndinawabaya, chakudya chinabwera, ine n'kupita kukakangana ndi a ku famase. Pobwera ndinapeza mbale ili mbee. Ndinalemba bwinobwino, ndi cholembera changa chatsopano: wadya zonse. Bedi lawo ndinangolisalaza pamwamba ndi dzanja, poti Sisitala anali ku msonkhano.

Cha m'ma leveni Sisitala analowa. Anaima pa folo. Abambo Mbaraka thukuta lili kamukamu, manja akunjenjemera. Ine ndinafotokoza mwaukatswiri kuti kunja kukutentha.

Sisitala anakweza mutu wa mkuluyo kuti akonze pilo, n'kuima. Analowetsa dzanja m'nsalu ya pilo. Munatuluka buledi magawo anayi. Dzira lowiritsa. Nthochi imodzi yophwanyika.

"Achimwene," anatero, "mwatsegula shopu?"

Abambo Mbaraka anayankha motsitsa mawu, "Ndafunga, mayi. Ndi Ramazani. Ndidya dzuwa likalowa."

"Nanga jakisoni uja mumati akudikirani mpaka dzuwa lilowe?"

Tinayeza magazi. Shuga anali atatsikiratu, pang'ono pokha akanakomoka. Ine ndinathamangira gulukosi, koma mkuluyo anatseka pakamwa ngati chitseko cha ndende. Ndinayamba kuwafotokozera m'Chingelezi zimene shuga amachita mu ubongo. Iwo anatseka ndi maso omwe.

Sisitala anakhala pabedipo. "Tamverani. Amuna anga nawonso afunga lero. Ndipo ndikudziwa, monga mukudziwa inu, kuti wodwala amaloledwa kudya n'kudzabweza masikuwo akachira. Mukufuna ndiwaimbire a shehe foni akuuzeni okha? Koma ndikaimba ndiwauzanso za nthochiyi."

Abambo Mbaraka anatsegula diso limodzi. "Za nthochi zisiyeni." Anamwa.

Madzulo adokotala anasintha mankhwala, patapita masiku mkuluyo anachira, ndipo anatuluka akuyenda yekha. Ine ndinadikira kukalipiridwa. Sisitala anangondiitanira kumbali, n'kundionetsa zimene ndinalemba zija. "A Digiri, apa mwalemba za mbale. Mbale siinagonekedwe m'chipatala." Kenako anandipatsa shiti.

Palibe makina akanapeza buledi uja. Wothandiza akanamupeza mwina, n'kumutaya osadziwa kuti munthuyo wabayidwa insulini. Amene anabaya ndi amene anayenera kugwira piloyo, ndipo ameneyo ndinali ine. Poyala bedi ndi pamene umaona khungu lofiira pamsana, mapiritsi olavulidwa, mkodzo umene munthu wamkulu akuchita manyazi kunena.

Sisitala, zaka makumi atatu ndi zinayi mwakhala mukutembenuza, kusambitsa ndi kudyetsa anthu amene abale awo ali kutali, kuseri kwa malire. Ambiri anamva chinenero cha kwawo komaliza kuchokera pakamwa panu. Ife munatipirira, makamaka ine. Zikomo kwambiri.

Kapumeni. Dzukani naini koloko. Abambo Binali, bedi la kunyumba muziyala ndinu, koma konzekerani kuyala kanayi.

Musaganize kuti ndasintha kwambiri. Makompyuta amene ndinapempha m'kalatamo ndikuwafunabe. Mafomu atatu olemba chinthu chimodzi aja ndikufunabe athe, ndipo Lolemba a komiti andimva. Koma dzulo masana ndinapita ku ofesi ya a Metroni, ndinapempha kalata yanga, n'kuthothola tsamba lachitatu. Ndi ili. Sisitala, ndalipinda makona onse anayi monga munandiphunzitsira, mulitenge.

Ndipo lero m'mawa, ndisanavale suti iyi, ndinadzera kuwodi n'kuyala bedi nambala folo. M'pilo ndinayang'anamo.

Tiimirire tonse, tiwaombere m'manja amayi athuwa mpaka a m'mafulati apamwambawa adandaule.