Loweruka limene alendo sanabwere

Aulutsi, ndiwerengereniko nkhani yangayi, koma dzina langa musalitchule.

Ndimaperekera zakudya pa loji ina ku Senga Bay. Masiku ano mashifiti athu imakonza ndi kompyuta. Imalosera kuchuluka kwa alendo, n'kugawira aliyense maola ake.

Loweruka lina m'mawa mayi anga anagonekedwa m'chipatala kuboma. Ndinapempha abwana kuti ndikawaone.

"Pepani chemwali," anatero akuloza kompyuta. "Ikuti lero kudzaza. Mupite mawa."

Kunagwa chimvula, alendo osabwera. Tinkangopukuta matebulo oyera kale. Masana achimwene anga anaimba foni kuti mayi atisiya. Sindinalire. Ndinamaliza kupinda nsalu imene inali m'manja mwanga, kenako ndinakakwera kabaza.

Nditabwerako kumaliro, abwana anatisonkhanitsa tonse. Anationetsa Loweruka lija pa kompyuta, litalembedwa mofiira.

"Tsiku ili antchito munachuluka, maola anangopita pachabe. Tizisamala."

Kaya anakumbukira kuti linali tsiku lanji, sindikudziwa. Ndinangoti, "Chabwino bwana," n'kubwerera kukhitchini.

Ntchito ndikugwirabe, ndipo misozi sinabwere mpaka lero. Anzanga omvera, mukamva kuti kholo lagonekedwa, ingonyamukani.