Duwa Lomera Papepala

Mkulu wanga Orval anagwira ntchito zaka makumi atatu m'chipinda chosungiramo zomera zouma, zomatidwa pamapepala. Lachiwiri ndinapita naye kufamu ya nkhosa ya Maite, mng'ono wake wa malemu mkazi wanga, chifukwa akampani ankafuna kukumba ngalande ya mapaipi kuseri kwa khola lake, ati pamapu a Orval duwa la vayoleti wa m'chipululu, lotetezedwa ndi boma, silimera kumeneko.

"Nanga timaluwa tachikasuti n'chiyani?" Maite analoza pansi.

Orval anagwada, nasuzumira ndi galasi. "Vayoleti ndithu."

"Eya! Lembani."

"Sindingalembe, mayi. Silimera kuno."

"Mwati bwanji?"

"Mapepala alipo khumi ndi anayi. Onse akuti m'mbali mwa msewu waukulu."

"Chifukwa anzanuwo ankachita ulesi kutsika galimoto!"

"Zimenezo sizinalembedwe."

"Ndiye apa mukuona chiyani? Mbuzi?"

"Ndikuona mphekesera. Ndizule limodzi, ndilipsinje mpaka liume, ndilimate papepala. Likatero ndiye kuti limamera kuno."

"Muliphe kuti likhalepo?"

"Eee, mwamva tsopano."

"Iii, ayi! Nkhosa zanga ndinaziletsa, inu ndinu ndani? Jambulani."

"Chithunzi chilibe mizu."

"Ndi mizu yomwe?"

"Ndi mizu yomwe."

Maite anatola fosholo. "Tayesani, bambo Orval."

"Mayi, anthu aja akumba Lolemba. Limodzi lokha lipulumutsa onsewa."

"Liti? Sankhani nokha. Liyang'aneni, muliuze."

Orval anasankhadi, navula chipewa. "Pepani," anatero kwa duwalo.

"Ha! Mukupepesa chinthu choti kulibe?"

"Mwandituma ndinu."

Orval anatambasula dzanja kuti azule. Maite anakuwa, fosholo m'mwamba. Orval anabwerera chambuyo, chidendene chinalowa muuna wa gologolo, ndipo anakhala pansi, khu! Mkulu wangayo si munthu wochepa thupi.

Ine ndinayang'ana kuphiri.

"Ndakhalira angati?" Orval anafunsa chapansipansi.

Maite anawerama, nasuzumira uku ndi uku. "Atatu."

Orval anayamba kudzuka, koma Maite anamubwezera pansi ndi dzanja limodzi.

"Khalani pompo! Mwati lipsinjidwe mpaka liume. Limauma masiku angati?"

"Asanu."

Maite anawerenga pazala. "Lamulungu! Liuma anthu amapaipi aja asanafike." Kenako anatembenukira kwa ine. "Alamu, kawatengereni ambulera."