Chinsinsi Chimene Sanzhar Anatulukira

Pa siteji ya basi mumzinda wa Almaty, kukuzizira koopsa, mayi wina wachikulire anayandikira bambo amene ananyamula chikwama chakuda.

"Pepani bambo, chizindikiro chili pachikwama chanucho si cha masewera aja a m'mabuku, oti osewera amayerekeza kukhala anthu okhala m'chombo cha mumlengalenga?"

"Ndi omwewo, mayi. Nkhani yake timalemba ndife."

"Mwana wanga Sanzhar ankasewera ndi anzake Loweruka lililonse. Anatha zaka zisanu akufufuza kumene anthu a m'chombomo anachokera."

"Chimenecho ndi chinsinsi. Ife timangomwaza tizidutswa ta yankho lake m'mabuku kuti osewera azitolera okha."

"Iyeyo anatolera. Analemba pa intaneti kuti anthuwo anachita kupirikitsidwa kwawo ndi ana awo omwe. Inu munayankha pagulu kuti akungobwebweta."

"Aa! Sanzhar uja ndi mwana wanu?"

"Anali wanga. Anzake anamuseka mpaka anasiya kutuluka m'nyumba. Tinamuika m'manda chaka chatha. Makope ake akadali pansi pa bedi, ine sindimvamo kanthu. Tandiuzani, analakwitsa pati?"

"Sanalakwitse, mayi. Analondola zonse. Kungoti buku loulula chinsinsicho linali lisanatuluke. Wosewera akatulukira msanga timakana, kenako timasintha nkhaniyo. Panopa timati anthuwo anathawa mliri."

"Ndiye munkadziwa kuti akunena zoona, anzake akumuyesa wamisala?"

"Ndi mmene ntchito yathu imayendera, mayi."

"Basi yanu ndi iyo, kwerani. Ine ndikudikira yopita kumanda, ndikamuuze kuti analondola, poti inu zinakukanikani."